Ngalande ya pamsika wina ku Ndirande: momwe amisiri oyandikana anaikonzera, ndi zomwe zikuvutabe

Lipoti lino ndi la ngalande imodzi ya mamita pafupifupi 200, yomwe imadutsa pakati pa mabenchi a msika wina waung'ono ku Ndirande n'kukathira madzi ake mumtsinje wa Nasolo. Ine ndine injiniya wa zomangamanga, ndipo ntchito yanga yambiri ndi yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono a mumzinda wa Blantyre pa nkhani ya miyeso, mitengo ndi kulimba kwa zomwe amapanga. Ndalemba poganizira anzanga amene amaitanidwa kuntchito zotere. Anthu onse okhudzidwa sindiwatchula mayina, msikawonso sindiutchula.

Dandaulo

Nkhaniyi inandipeza mu Febuluwale 2022, patangopita masabata ochepa namondwe Ana atadutsa. Koma amene anadandaula sankanena za namondwe. Anali amayi ogulitsa tomato, masamba ndi usipa chakumunsi kwa msika, ndipo chinkawasautsa ndi mvula wamba. Ikangogwa kwa theka la ola, madzi ankatuluka mungalande, kudutsa pansi pa mabenchi, n'kusiya matope akuda onunkha. Ogula ankathera kumtunda kouma, katundu wa kumunsi n'kumawola. Wapampando wa komiti ya msika anabwera ndi pempho lokonzeratu: "Bambo injiniya, tiwerengereni ndalama zokulitsira ngalandeyi. Yachepa."

Zomwe tinapeza

Ngalandeyo sinali yaing'ono. Titayeza kukula kwake, kuya kwake ndi kutsetsereka kwa malowo, masamu anaonetsa kuti itakhala yoyera ikanatha kunyamula madzi a mvula ya masiku onse popanda vuto. Ndirande ili pamtsetse, choncho madzi sasowa kolowera. Vuto linali lakuti mbali yaikulu ya ngalandeyo inali itadzaza, ndipo zodzazazo zinali za mitundu itatu. Pansi penipeni panali mchenga ndi timiyala tochokera kuphiri ndi m'misewu yafumbi. Pamwamba pake panali majumbo ndi mabotolo apulasitiki. Kenaka zinyalala zowola za pamsika pomwepo: makoko, masamba ofota, zitsononkho. Zonsezi zinkakatsekera pampaipi waukulu wodutsa pansi pa msewu, pomwe majumbo ankakola pakamwa pa mpaipi, mchenga n'kuunjikana kumbuyo kwake. Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana nalo mu 2019, koma mungalandeyo majumbo anali mbwee.

Kale ngalandeyi inali ndi zivindikiro zachitsulo. Tinangopezako mafelemu awiri atatu omwe anakanika kuzuka. Zina zonse zinabedwa n'kukagulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Ngalande yosavindikira yodutsa pamaso pa benchi lako imasanduka dzala, makamaka ngati chibini chachikulu chili patali. Magalimoto otaya zinyalala ku Mzedi amatumikira mzinda womwe pakalembera wa 2018 unali ndi anthu oposa 800,000, choncho palibe msika waung'ono womwe ungadalire kuti galimoto izifika tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri chomwe tinapeza sichinali mungalande ayi, chinali mozungulira msikawo, ndipo ndicho chinasintha kaganizidwe kanga konse pa ntchitoyi. Pamtunda woyenda wapansi kwa mphindi zochepa panali amisiri owotcherera zitsulo, okhoma zidebe ndi mbaula, akalipentala, magulu awiri oumba mabuloko a simenti, anyamata otola mabotolo, ndi mayi wina amene ankapanga manyowa kuseri kwa nyumba yake. Kuchulukana kwa amisiri kumeneku sikunangochitika. Ndirande yagundizana ndi dera la mafakitale la Makata, ndipo kwa zaka zambiri ogwira ntchito m'mafakitalemo akhala akugona ku Ndirande. Ambiri mwa owotcherera achikulire anaphunzira luso lawo kumeneko, ntchito itatha anatsegula mashedi awoawo n'kuphunzitsa ana a abale awo. Oumba mabuloko nawo anachuluka malamulo a 2018 ataletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu. Anthu onsewa ankadziwana, ankagulitsana zinthu, ankabwerekana zida, koma anali asanagwirepo limodzi ntchito imodzi.

Chigamulo choyamba: tisakulitse, ndiponso tisaitane wa kutali

Ndinauza komiti kuti kukulitsa ngalande kungowonjezera malo osungira zinyalala, ndipo pakatha mvula ziwiri zitatu tidzabwerera pomwe tili. Ndinapereka zinthu zitatu m'malo mwake: kuvindikira mbali yodutsa m'mabenchi, kukumba dzenje lokola mchenga chakumtunda madzi asanalowe mumsika, ndi kuika sefa yachitsulo yogwira majumbo patsogolo pa mpaipi wa pansi pa msewu. Wapampando sanasangalale poyamba, chifukwa anali atalonjeza kale anthu ake ngalande yatsopano. Anavomera titamuonetsa, ndi fosholo, kuti pansi pa matopewo panali konkire yabwinobwino yosasweka.

Kenaka panabwera funso la amene agwire ntchito. Ndalama zinali zochepa: zopereka za ogulitsa, thandizo la eni mashopu ozungulira, ndi kangachepe kochokera kwa mwini nyumba zalendi yemwe mpanda wake unkadyedwa ndi madziwo. Kontirakitala mmodzi wa mutauni akanatha kumaliza msanga, ndipo sindikunena kuti ntchito yake ikanakhala yoipa. Chomwe ndinkaopa ndi tsiku lomwe chinthu chidzathyoke iye atapita kale. Zinthu za mungalande zimathyoka ndithu. Ndinalangiza kuti chilichonse chomwe tiikepo chikhale choti mmisiri wa pafupi angachipangenso mawa lake, ndi zida zomwe ali nazo kale. Ofesi yoona za misewu ndi ngalande tinaidziwitsa ndi kalata pamodzi ndi zojambula, kudzera kwa khansala wa deralo, tisanakhudze chilichonse. Anzanga, sitepe imeneyi musaidumphe ngakhale ntchito ikhale yaing'ono bwanji, chifukwa ngalandeyo ndi ya mzinda.

Zivindikiro: pomwe mgwirizano unatsala pang'ono kutha usanayambe

Owotcherera anabwera kumsonkhano woyamba akudziwa kuti ntchito ya zivindikiro ndi yawo. Nditanena kuti zivindikirozo zikhala masilabu a konkire, osati zitsulo, mkulu wawo anaimirira nati: "Ndiye mwatiitaniranji, achimwene? Kuti tidzaombe m'manja anzathu akudya?" Funso lake linali loona, ndipo likanayankhidwa mwachibwana tikanataya anthu omwe tinkawafuna kwambiri.

Chifukwa chokanira chitsulo chinali chodziwikiratu kwa aliyense amene anaona mafelemu otsala aja. Chitsulo chili ndi msika usiku womwewo, pomwe silabu ya konkire palibe amene angaigule pakilo. Koma silabu yabwino siingatheke popanda chikombole chabwino, ndipo zikombole zamatabwa zomwe oumba mabuloko ankafuna kugwiritsa ntchito zimafufuma ndi madzi, masilabu n'kumatuluka osiyana misinkhu. Masilabu osiyana misinkhu amagwedera, ndipo silabu yogwedera imasweka m'makona. Apa ndi pomwe panapezeka gawo la owotcherera: zikombole zachitsulo zomasula ndi mabawuti, kudula ndi kumanga zitsulo za mkati mwa silabu, sefa, ndi zida zoyeretsera. Titawerengera limodzi papepala, anaona kuti ndalama yawo siichepa kwenikweni, ndiponso kuti zikombolezo zikhala zawo, azibwereketsa pamtengo.

Kukula kwa silabu tinakukambirana nthawi yaitali. Ikakhala yaikulu kwambiri siibedwa, koma siinyamulikanso, ndiye kuti ngalande siidzayeretsedwa. Ikakhala yaing'ono, wina aitenga kukaika pakhomo la bafa. Tinagwirizana pa masentimita 60 m'litali, 45 m'lifupi ndi 7.5 kuchindikala. Silabu yotere imalemera pafupifupi makilogalamu 50, ngati thumba la simenti: anthu awiri amainyamula bwinobwino, koma munthu mmodzi sangathamange nayo. Maganizo oika timabowo tiwiri tolowetsa ngowe anachokera kwa mnyamata wina wowotcherera, yemwe anapanganso ngowe zake. Timabowoto timathandizanso kuti madzi a pansi pa mabenchi azitsikira mungalande.

Vuto lalikulu linali kuthirira. Oumba mabuloko anazolowera kuumba lero, kuyanika padzuwa, n'kugulitsa pakatha masiku atatu kapena anayi, chifukwa ndalama ya simenti ya mawa imachokera m'mabuloko a lero. Simenti salimba chifukwa chouma, amalimba chifukwa chokhala ndi chinyezi nthawi yokwanira, ndipo mphamvu yake yeniyeni timaiyeza pa masiku 28. Kuwauza zimenezi pakamwa sikunathandize, poti iwo ali ndi zaka zambiri pantchitoyo ndipo makasitomala awo sadandaula. Tinaumba masilabu awiri tsiku limodzi ndi msakanizo umodzi, wa muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala. Ina tinaisiya padzuwa, ina tinaifunditsa masaka onyowa n'kumaithirira kwa sabata yathunthu. Patatha mwezi tinaziika pamabuloko awiri n'kumasanjikapo matumba a mchenga pamaso pa onse. Ya padzuwa inayamba kung'aluka inzake idakali nji. Zitsanzo zina tinazitumiza kulabotale yoyeza konkire kuti tikhale ndi pepala, koma chomwe chinasintha manja a oumbawo ndi zomwe anaona okha.

Kuona kokha sikukanakwanira komabe. Munthu amene akusunga silabu kwa masabata anayi ndalama yake yagona. Choncho komiti inavomera kulipira theka la mtengo tsiku loumba, theka linalo tsiku loika. Popanda kusintha kalipiridwe kameneka ndikukhulupirira kuti masilabu akanapitiriza kuchoka pachikombole asanakhwime, ngakhale aliyense atamvetsa chifukwa chake.

Magetsi, mitengo ndi mafuta

Ntchito inagwiridwa m'chilimwe cha 2022, nthawi yovuta kwa wowotcherera aliyense m'dziko muno. Namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku. Mu Meyi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mitengo ya simenti, zitsulo ndi ndodo zowotcherera n'kukwera. Chakumapeto kwa chaka mafuta nawo anasowa, kotero jenereta sinalinso yodalirika. Apa kuyandikana kunathandiza m'njira yomwe sinali m'mapulani athu. Mashedi atatu anagawana ntchito: kudula ndi kupinda zitsulo, komwe kumatheka ndi manja, ankachita masana magetsi kulibe, ndipo kuwotcherera konse ankakuunjika kushedi imodzi kuti magetsi akangoyaka, ngakhale usiku, makina onse ayambe nthawi imodzi. Simenti ankagula pamodzi magulu awiri a oumba mabuloko aja, n'kulipira galimoto imodzi.

Sefa ndi reki yake

Sefa tinaiika yopendekera kumbuyo, osati yoimirira chilili, kuti madzi azikankhira zinyalala m'mwamba m'malo mozipanikiza pazitsulo. Miyendo yake tinaimiza mu konkire kuti isazuke. Mipata ya pakati pa zitsulo tinaisiya masentimita asanu: ikachepa kuposa apo sefa imatseka ndi masamba okha, ikakula mabotolo ang'onoang'ono amadutsa. Zitsulo zopingasa tinaziika kumbuyo, kuti kutsogolo kukhale mizere yosalala yoti reki iziyenda kuchokera pansi mpaka pamwamba osakodwa. Rekiyo anaipanga mkulu wa owotcherera uja, mano ake otalikirana mofanana ndendende ndi mipata ya sefa. Anaisintha kangapo, akupita kukaiyesa pangalande n'kubwerera kushedi tsiku lomwelo, mpaka anyamata oyeretsa atanena kuti tsopano siikuthyola msana. Kusintha kotere, kochitika pakati pa m'mawa ndi madzulo chifukwa wopanga ndi wogwiritsa ntchito ali pamtunda wa mphindi zisanu, ndi phindu lenileni la amisiri okhala pamodzi. Chipangizo chochokera kutali chimafika chitatha kale, ndipo chikavuta anthu amangochisiya.

Pambali pa sefa tinasiya khoma lotsikirapo pang'ono, lotsogolera kunjira yapambali yolowera kumsewu, kuti sefa ikatseka usiku madzi asabwerere m'mabenchi. Ena pakomiti ankati n'kuwononga simenti. Ndinaumirira, chifukwa sefa iliyonse imatseka tsiku lina, ndipo injiniya ayenera kusankhiratu komwe madzi adzapite tsiku limenelo.

Zinthu ziwiri zomwe tinakana

Anyamata otola mabotolo anabwera ndi maganizo osungunula mapulasitiki, kusakaniza ndi mchenga, n'kuumba zivindikiro. Anali ataona pa Facebook anthu akupanga njerwa zoyala pansi mwa njira imeneyi, ndipo chidwi chawo chinandisangalatsa. Njirayo ilipodi ndipo imatheka ndi mapulasitiki ofewa monga majumbo. Koma iwo ankafuna kusungunulira mumgolo pamoto wa nkhuni, pakati pa nyumba za anthu, osasankha mitundu. Mapulasitiki ena, monga a mapaipi a PVC, akapsa amatulutsa utsi wapoizoni, ndipo mabotolo a zakumwa sasungunuka bwino pamoto wotere. Komanso chivindikiro chimakhala m'malere pakati, chikunyamula munthu ndi wilibala yake, pomwe njerwa yoyala imagona pansi ponse. Pulasitiki ikatenthedwa ndi dzuwa la Okutobala imafewa n'kuyamba kupindika. Tinakana, koma tinawalumikiza ndi ogula mabotolo ndi mapulasitiki olimba omwe amapereka kumafakitale a mumzinda momwemo, ndipo tinawapatsa malo ouma osungirapo katundu wawo kuti azigulitsa wochuluka nthawi imodzi.

Chachiwiri chinali chovuta kukana chifukwa chinkamveka chanzeru kwambiri. Oumba mabuloko ankafuna mchenga wa m'dzenje lokola mchenga, poti ndi waulere, ndipo mayi wa manyowa ankafuna zowola zochokera pasefa. Zikanaoneka bwino papepala: zinyalala za wina kukhala chuma cha mnzake. Koma mchenga wa mungalande uli ndi dothi lambiri ndi zowola, zomwe zimafooketsa konkire. Choopsa kuposa apo, madzi a mungalande za m'madera othithikana amasakanikirana ndi zochokera m'zimbudzi zosefukira. Chaka chimenecho kolera inali itabuka kuyambira mu Malichi, ndipo inakula kukhala mliri wa kolera woopsa kuposa yonse yomwe dziko lino linaonapo, moti mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Tinagamula kuti chilichonse chotuluka mungalande sichipita kumanyowa kapena kuchikombole. Mchengawo uziumitsidwa n'kukwirira maenje a mumsewu, ndipo manyowa azipangidwa ndi zowola zotoledwa pabenchi zisanagwe pansi. Okhoma zidebe anadula migolo yakale pakati, kuikira zogwirira, n'kuika umodzi pa mabenchi angapo alionse. Mayi wa manyowa anadandaula kuti katundu wake achepa. Patapita nthawi anapeza kuti zomwe akulandira n'zoyera, zopanda majumbo ndi magalasi, ndipo ntchito yosankha inamuchepera.

Ayeretse ndani?

Apa ndi pomwe ntchito zambiri zotere zimafera, ndipo ifenso tinatsala pang'ono. Komiti inasankha kuti ogulitsa aziyeretsa okha mosinthana, ngati ntchito yachitukuko. Masabata oyamba zinayenda. Mvula itayamba mu Novembala zinaoneka kuti sefa imafuna munthu nthawi yomweyo mvula ikugwa, osati Loweruka m'mawa, ndipo nthawi imeneyo wogulitsa aliyense amakhala akuphimba katundu wake. Mayi wina wogulitsa usipa ananena mosabisa pamsonkhano: "Abambo, ine ndisiye usipa unyowe kuti ndikagwire reki? Tilipireni anyamatawa, ndalama tisonkha."

Zinatero. Anyamata awiri mwa otola mabotolo aja anapatsidwa ntchitoyo, ndi magambuti, magolovesi ndi madzi a kolorini osambira m'manja. Benchi lililonse limasonkha kandalama kochepa pa sabata. Ndalamayo imatumizidwa pafoni kunambala imodzi yomwe mauthenga ake amaonedwa ndi anthu atatu, chifukwa ndalama ya m'thumba la munthu mmodzi inali itayambitsa kale manong'onong'o. Chomwe chinalimbitsa dongosololi n'chakuti anyamatawo amapindula kawiri: malipiro a sabata, ndi mabotolo omwe sefa imawasonkhanitsira pamalo amodzi, omwe amawatsuka ndi madzi a kolorini asanawagulitse. Sefa ikatseka amataya ndi iwo omwe, choncho safuna kapitawo.

Namondwe Freddy

Mvula ya Disembala mpaka Febuluwale inadutsa madzi osalowa m'mabenchi. Kenaka pakati pa Malichi 2023 kunabwera Freddy. Mvula inagwa masiku angapo osalekeza, ndipo ku Chilobwe matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ndi anthu. Pa zomwe mzinda unaona sabata imeneyo, nkhani ya ngalande yathu ndi yaing'ono zedi, ndipo ndikuilemba pano chifukwa chakuti ndi mbali ya lipoti basi.

Ngalandeyo inagonja. Dzenje lokola mchenga linadzaza usiku woyamba, miyala ina yaikulu ngati mutu wa munthu inalowa pansi pa masilabu, sefa inatseka, ndipo anyamata tinawaletsa kuyandikira chifukwa madziwo akanawakokolola. Njira yapambali inagwira ntchito yake kwa kanthawi, kenaka nayo inachepa, madzi n'kudutsa mumsika monse. Khoma la chakumunsi linagwa mamita angapo. Palibe ngalande ya pamsika yomwe ikanapirira madzi amenewo, ndipo palibe luso la amisiri a kumunsi lomwe lingalowe m'malo mwa mitengo yomwe inatha m'phiri la Ndirande. Madzi otsika paphiri lopanda mitengo amafika onse nthawi imodzi, atanyamula dothi ndi miyala.

Kusiyana kunaoneka mvula itasiya. Masilabu ananyamulidwa ndi ngowe zawo, ngalande inafukulidwa ndi mafosholo, n'kuvindikiridwanso. Osweka anali ochepa, ndipo oumba anali ndi ena okhwima kale omwe tinagwirizana kuti azisunga nthawi zonse. Zitsulo ziwiri za sefa zomwe zinapindika zinawongoledwa pomwepo. Khoma linamangidwanso ndi mabuloko a oumba omwewo. Msika unayambiranso sabata yomweyo, popanda kudikira wina wochokera kunja kwa Ndirande, pa nthawi yomwe mainjiniya ndi makina onse a mzinda anali, moyenerera, kumadera komwe kunafa anthu ndi komwe milatho inaduka. Titaunika zomwe zinachitika tinawonjezera mizati itatu ya njanji zakutha, yoimikidwa mu konkire kumtunda kwa dzenje, kuti izigwira miyala ikuluikulu ndi zitsa zisanalowe pansi pa masilabu.

Zomwe zinatsatira

Chomwe sitinachiyembekezere ndi msika wa masilabuwo. Anthu odutsa anayamba kufunsa komwe apangidwa. Eni nyumba zalendi, mpingo wina ndi sukulu ina yoyendetsedwa ndi munthu payekha anaitanitsa zovindikirira ngalande zawo. Owotcherera anapanga chikombole china cha silabu ya chimbudzi, chokhala ndi popondapo ndi chotsekera pabowo, ndipo pambuyo pa kolera ndi zimbudzi zomwe zinagwa ndi Freddy, chimenechi chinayenda malonda kuposa choyamba chija. Mayi wa manyowa anapeza makasitomala pakati pa olima m'madimba, ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu, ndi alimi osakaniza manyowa a Mbeya chifukwa cha kukwera mtengo kwa feteleza, ngakhale malonda ake amayenda m'nyengo yodzala n'kuzizira miyezi ina.

Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo izi zinabweretsa mkangano woopsa kuposa wa zivindikiro uja. Gulu lina la oumba linali litalandira theka la ndalama pa oda yaikulu pamtengo wakale, ndipo pomafika tsiku logula simenti ndalamayo sinakwane. Linafuna kuchepetsa simenti mumsakanizo mwakachetechete. Owotcherera atamva anakana kubwereketsa zikombole, ponena kuti silabu ikasweka dzina loipa ligwera onse, poti makasitomala sasiyanitsa woumba ndi wopanga chikombole. Sindinafunikire kulowererapo, ndipo kwa ine ichi chinali chizindikiro chachikulu kuposa china chilichonse kuti anthuwa ayamba kuona ntchitoyi ngati yawo limodzi. Anagwirizana kuti kuyambira pamenepo koteshoni izilembedwa m'matumba a simenti ndi mipiringidzo ya zitsulo, kasitomala azigula yekha kapena kulipira mtengo wa tsiku limenelo, ndalama ya manja yokha ndiyo izilembedwa m'makwacha. Oda yovutayo anaimaliza pogawana kuluza pakati pa oumba ndi kasitomala.

Kwa anzanga ogwira ntchito zotere ndinenepo za chinthu chimodzi chomwe ambiri amayambira: kukhazikitsa bungwe, kusankha maudindo, kulemba malamulo, kenaka n'kumafunafuna ntchito yoti bungwelo ligwire. Kuno tinayamba ndi oda yeniyeni yokhala ndi ndalama yake, yomwe palibe mmisiri mmodzi akanaimaliza yekha. Malamulo anabwera pambuyo, limodzilimodzi, mkangano uliwonse ukabuka: la kalipiridwe, la kusunga masilabu apadera, la koteshoni. Onse ndi ochepa moti amakwana patsamba limodzi la kope, ndipo amatsatidwa chifukwa aliyense akukumbuka chomwe chinawabala.

Pomwe zinthu zili

Ngalandeyo ikugwira ntchito, ndipo mvula wamba siilowanso m'mabenchi. Zosonkha za sabata zimavuta m'chilimwe, anthu akaona ngalande youma n'kuyamba kufunsa chomwe akulipirira, choncho komiti inatsitsa mtengo wa miyezi imeneyo n'kukweza wa dzinja. Mmodzi mwa anyamata oyeretsa anasiya n'kuyamba kabaza, ndipo wolowa m'malo mwake anaphunzitsidwa ndi mnzake wotsalayo. Zinyalala zosagulitsika, makamaka majumbo ndi matewera a ana, zikudalirabe galimoto yopita ku Mzedi, ndipo ikachedwa muluwo umakula pambali pa sefa, pomwe mvula ingaubwezerenso m'madzi.

Nkhani yomwe ili patebulo panopa ndi ya kulembetsa. Amisiriwa akufuna kupikisana nawo pa ntchito za ngalande za boma, koma kuti atero ayenera kukhala ndi dzina limodzi lolembetsedwa, nambala ya msonkho ku MRA, chiphaso cha bungwe loyang'anira makontirakitala a zomangamanga ndi kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma. Oumba mabuloko akufuna kampani. Owotcherera akuopa kuti kampani idzameza mashedi awo ndi zikombole zawo, ndipo akukonda kopaletivu yomwe aliyense asunge bizinesi yake. Mayi wa manyowa ndi anyamata a mabotolo akufunsa ngati adzakhalemo n'komwe, poti ntchito za boma sizigula manyowa. Ndawalembera mtengo ndi zofunika za njira zonse ziwiri, kuphatikizapo ndalama zolipira chaka ndi chaka ngakhale ntchito isapezeke, komanso kuti wogwira ntchito ya boma amayenera kukhala ndi ndalama yoyambira yekha asanalipidwe. Agwirizana kuti ayambe atsegula akaunti imodzi ya kubanki ya maoda omwe amagwira limodzi, aone ngati angaisunge chaka chathunthu popanda kukangana, kenaka adzasankhe.